Mwera, Ilala ndi chitsononkho cha chimanga

Lachinayi, Monkey Bay

Tatsika Khwekhwerere majuzi ali m'thupi, koma pofika pa Golomoti tinali titavula kale. Kuzizira kwa ku Dedza sikutsika nawo phiri. Ndili ndi mwana wanga wamkazi wa Fomu 3, amene wakhala akundikakamiza za ulendowu kuyambira pa Khirisimasi, ndipo sukulu titangotsekera ndinalibenso pothawira.

Ndiulule pompano. Ndaphunzitsa Fizikisi zaka 16, ndipo mutu wa mafunde ndimauphunzitsa ndi chingwe choyanikira zovala: mwana mmodzi agwire uko, ine ndigwedeze kuno, kalasi yonse ione kanjoka kakuthamanga m'chingwemo. Koma nyanja yeniyeniyi ndinangoiona kawiri, ndipo kawiri konseko ndinali pagombe, nsapato kuphazi, botolo la zoziziritsa kukhosi m'manja.

Madzulo tinakakhala pamchenga pafupi ndi doko. Mitengo ya pamwamba pa mapiri imagwedezeka ndithu, koma madzi a m'dokomo anali phee, chifukwa mapiriwo amatchinga mphepo yochokera kummwera. Mwanayu anali atamaliza kukukuta chimanga chootcha, ndiye anaponya chitsononkho m'madzi. Posakhalitsa boti la injini linadutsa chapatali, timafunde take tinabwera mondondozana. Chitsononkho chija chinakwera, chinatsika, chinakweranso, timafunde tonse tinadutsa n'kudzathera pamapazi pathu.

"Adadi, mafunde afika kuno koma chitsononkho chatsala pomwe paja."

Chinali chitasunthako pang'ono, mwina kutalika kwa dzanja, basi. Ndinamukumbutsa mmene tinkatutira njerwa pomanga tchalitchi kwathu: anthu ndandanda kuchokera pa uvuni mpaka pa maziko, aliyense kungolandira kwa mnzake n'kupatsira wina. Njerwa inayenda mamita 100, koma palibe munthu amene anachoka pamalo pake. Madzi ndiwo anthu a pamzerewo. Chimene akupatsirana ndi mphamvu imene injini ya boti lija inawasiyira.

Anangoti, "Nanga bwanji m'kalasi simunena choncho?" Sindinamuyankhe.

Lachisanu, m'sitima

Ilala ndi gogo. Zitsulo zake zinasulidwa ku Scotland, zinabwera zidutswazidutswa n'kudzalumikizidwa konkuno ku Monkey Bay, ndipo inayamba kuyenda panyanjayi mu 1951. Ndi yaitali mamita 52. Nambala imeneyi muisunge, tiigwiritsa ntchito. Pansi padzaza matumba a ufa, malata, njinga, madengu a tomato ndi nkhuku zomangidwa miyendo. Ife tapeza benchi chapamwamba.

Titangotuluka m'mapiri otchinga aja, nyanja inasintha nkhope. Mwera unali kumbuyo kwathu, mafunde akutitsatira ngati agalu a pamudzi. Mwanayu anatulutsa foni kuti awerenge mafunde angati akudutsa pa mphindi imodzi, ndinamuletsa. Sitima ikuthawa mafunde omwewo, ndiye akuchedwa kutipeza, mawerengedwe angatinamize. Tidikire iponye nangula.

Yaponya nangula pa Makanjira, kutali ndi gombe, ndipo anthu amabwera pa maboti ang'onoang'ono. Apa ndiye tinawerenga. Nsonga 10 za mafunde zinadutsa pa unyolo wa nangula m'masekondi 40, kutanthauza kuti funde lililonse limatenga masekondi 4. Pamadzi akuya pali kalamulo kosavuta: chulukitsa masekondiwo ndi iwo okha, kenako ndi 1.56, upeza mtunda wochokera pa nsonga ya funde kufika pa nsonga inzake. 4 kuchulukitsa ndi 4 ndi 16, kuchulukitsa ndi 1.56 ndi pafupifupi mamita 25. Ngati masamuwo sakunama, m'mbali mwa sitima ya mamita 52 muyenera kukwana mafunde awiri. Tinasuzumira. Nsonga ina kumutu, ina pakati, ina ikutuluka kumatako. Ndinasangalala ngati ndine ndatulukira lamulolo, mpaka mayi wina wogulitsa mandasi anandiyang'ana modandaula.

Liwiro lake silivuta: mamita 25 pa masekondi 4, ndiye mamita 6 ndi pang'ono pa sekondi, kapena makilomita 22 pa ola. Kabaza wa njinga yakapalasa sangalipeze. Ndipo funde lalitali limathamanga kuposa lalifupi. La masekondi 6 limafika mamita 56, liwiro lake kupitirira mamita 9 pa sekondi.

Koma chimene chinandigwira mtima pa Makanjira si masamu. Boti laling'ono likagunda m'mbali mwa sitima, limakwera ndi kutsika pafupifupi mita yathunthu pamene sitima ikungogwedezeka pang'ono. Mayi wina anaimirira m'botimo ndi khanda. Mnyamata wa pamakwerero anatambasula manja koma sanalande mwanayo. Anadikira. Boti linatsika, linayamba kukwera, ndipo litafika pamwamba penipeni, pamene limaima kanthawi kochepa lisanabwerere, mayiyo anangopereka mwana ngati akupereka mbale. Kenako iyenso anadikira funde lotsatira. Matumba a chimanga a makilogalamu 50 anawakwezanso chimodzimodzi, funde n'kumawanyamulira theka la ntchito. Palibe amene anawauza kuti pansonga liwiro lokwera limafika pa ziro. Mawondo awo akudziwa.

Usiku wa Lachisanu lomweli

Sindikugona, ndiye ndilembe. Mwera wakula. Sitima ikupendekera uku, kuima pang'ono, n'kupendekera uko. Mabotolo akugubuduka pansi pa mabenchi. M'mimba mwanga simuli bwino.

Pafupi nane pali agogo ena a ku Usisya, afunda bulangete mpaka m'makutu, akudya mtedza ngati ali pakhonde kwawo. Ataona nkhope yanga anaseka. "Aphunzitsi, uwu si mwera. Aka ndi kamwana kake. Mwera mukauone kwathu kumpoto."

Akunena zoona, ndipo chifukwa chake n'chodziwika. Kuti funde likule pamafunika zinthu zitatu: mphepo ikhale yamphamvu, iombe nthawi yaitali, komanso ikhale ndi mtunda wautali wa madzi woti iwakankhe. Nyanja yathuyi yagona chotalika kuchokera kummwera kupita kumpoto, makilomita oposa 550, pamene m'lifupi sipitirira 80. Mwera umaomba motsata utali umenewu kuyambira cha mu May mpaka mu September. Funde lobadwira kufupi ndi Mangochi limakhala kamakwinya chabe, koma mphepo imalikankhabe kumsana ora ndi ora, kuliwonjezera mphamvu, ndipo likamafika kumpoto limakhala litakhuta. N'chifukwa chake Monkey Bay dzulo inali ngati madzi a m'beseni.

Agogowa anatchula Vipya, ndipo anthu awiri atatu amene amamvetsera anakhala chete. Sitima imeneyo inali yatsopano, inagubuduzika ndi namondwe pa 30 July 1946 kumpoto, kufupi ndi Florence Bay, dera la Chitimba, ndipo anthu 145 anathera pomwepo. Mwezi wake ndi uno. Sindinafune kuti mwanayu amve, koma anali maso.

Anandifunsa motsitsa mawu ngati funde la mamita 2 lili ndi mphamvu kawiri kuposa la mita imodzi. Ayi. Ndi kanayi. La mamita 3 ndi ka 9. Madzi okwezedwa amachuluka, komanso amakwezedwa patali, ndiye zinthu ziwirizi zimachulukitsana. Apa ndi pamene diso limapusitsa munthu wa kumtunda ngati ine: nyanja imaoneka kuti yangokula pang'ono, pamene nkhonya yake yawirikiza kangapo.

Palinso china. Sitima iliyonse ili ndi kapendekeredwe kake, nthawi imene imatenga kupita uku n'kubwerera. Mafunde akamaigunda m'mbali pa nthawi yofanana ndi imeneyo, kupendekera kumakulirakulira ngakhale mafundewo asakule. Paja amati katungwe n'kukankhana, koma aliyense amene anakankhapo mwana pa katungwe akudziwa kuti chachikulu si mphamvu, ndi kukankha pa nthawi yake. Woyendetsa akatembenuza mutu wa sitima pang'ono, kapena kusintha liwiro, amasokoneza kugwirizana kumeneko. Ndamva tikukhota pang'ono kanthawi kapitako, ndipo mabotolo aja achepetsa phokoso.

Loweruka, Likoma

Ndasanza kawiri, mwanayu ayi ndithu. Tafika. Malambe ponseponse, mapiri a Mozambique ali pafupi ngati ungawakhudze. Ndagona pabedi koma bedilo likuyendabe. Zina mawa.

Lamulungu

Tinakapemphera ku St Peter's, tchalitchi chachikulu cha Anglican chimene anayamba kumanga mu 1903. Munthu sungayembekezere chinyumba chotere pa kachilumba kakang'ono chonchi. Kwaya ikamaliza nyimbo, mawu amatsalira m'mwamba kanthawi, akugunda khoma ili n'kubwerera ku linzake mpaka mphamvu yawo itamwedwa ndi miyala, mabenchi ndi zovala zathu. Ng'oma ikalira ndimaimva m'chifuwa. Mpweya wa pa ng'omayo sunafike kwa ine. Chikopa chinakankha mpweya woyandikana nacho, uwo unakankha unzake, mzere wa njerwa uja, mpaka nthiti zanga. Kusiyana kwake n'koti mpweya sukwera ndi kutsika, umapanikizika ndi kumasuka motsata njira yomwe mawuwo akulowera.

Masana tili pagombe, mwanayu anaona bambo wina tsidya la kagombeko akukhoma boti ndi hamala. Hamala imatsika mwakachetechete, ikamakwera m'pamene timamva kho! Tinayerekeza kuchedwako kukhala sekondi imodzi. Mawu mumpweya amayenda mamita pafupifupi 340 pa sekondi, ndiye bamboyo anali pa mtunda ngati umenewo. Kuwala kumayenda makilomita 300,000 pa sekondi, kotero diso silidikira. Ndi masamu omwewa a dzinja: ukaona mphezi, werenga masekondi mpaka bingu, masekondi 3 aliwonse ndi kilomita imodzi.

Kenako anandilowetsa m'madzi mpaka m'chiuno, ine mwana wa kuphiri. Anapita kutali ndithu, tonse tinamiza mitu, iye n'kugundanitsa miyala iwiri. Phokoso lake linali lakuthwa ngati lili m'khutu momwe, ndipo sindinathe kudziwa kumene likuchokera. M'madzi mawu amathamanga mamita pafupifupi 1,480 pa sekondi, kupitirira kanayi liwiro la mumpweya, ndiye amafika m'makutu onse awiri pafupifupi nthawi imodzi, ubongo n'kusowa poyambira. Ndinamwa madzi okwana kapu.

Usiku mwini nyumba tikugonayi, amene ankagwira ntchito ku Karonga mu December 2009 nthawi ya zivomerezi zija, anafotokoza kuti poyamba kumabwera kugunda kumodzi ngati lole yaomba khoma, kenako n'kuyamba kupukusa kwenikweni kogwetsa nyumba. Nawonso ndi mafunde, oyenda m'miyala. Oyambawo ndi opanikiza ngati a mawu, amathamanga makilomita pafupifupi 6 pa sekondi. Achiwiri amagwedeza cham'mbali ngati chingwe changa chija, amayenda pafupifupi 3.5, ndiye amafika mochedwa. Kusiyana kwa nthawi yofikira ndi kumene akatswiri amayezera kutalika kwa pomwe chivomerezi chayambira, monga ife ndi hamala ija.

Lolemba

Lero ndiye tsiku limene ndinabwerera.

Tinayenda wapansi kupita ku gombe loyang'ana kummwera, kumene mwera umafikira osapempha odi. Tinapeza mabwato onse ali pamtunda, makoka atayanikidwa, mathandala a usipa ali mbee opanda kanthu. Bambo wina wachikulire amasoka khoka pansi pa mtengo. Titapereka moni n'kudziwana, anatiyalira thumba kuti tikhale.

Ndinayamba ndi funso limene mayeso amakonda: chifukwa chiyani mafunde, ngakhale kutali akuyenda chopingasa, pofika pagombe amabwera molunjika ngati asilikali pa perete? Anati, "Mbali imene yayamba kukhudza pansi imafooka mwendo, inzake n'kuizungulira." Ine ndimatenga mapiriyodi awiri kunena zimenezi. Pamadzi osaya, liwiro la funde limadalira kuya kokha: pa mita imodzi limayenda mamita 3 pa sekondi, pa theka la mita limatsika kufika pa 2 ndi pang'ono. Mbali ya funde imene yafika posaya imachedwa, ya pakuya ikuthamangabe, mzere wonse n'kukhota. N'chifukwa chakenso miyala ya pa nsonga ya chilumba imamenyedwa koopsa, mafunde amakhotera komweko kuchokera mbali zonse, pamene m'kati mwa gombe mphamvu imamwazikana ndipo mchenga umapeza pokhala.

Nanga kusweka? Funde likachedwa, a m'mbuyo amaliyandikira, limafupika, ndipo mphamvu imene inali yotambasuka imasowa kolowera koma m'mwamba. Limatalika, limawerama, ndipo msinkhu wake ukayandikira kuya kwa madziwo, mutu umapitirira miyendo n'kugwa chafufumimba. Apa pokha ndi pamene madzi enieniwo amathamangira kutsogolo. Ndi pamenenso bwato limasweka. Bambowa anatiloza bwato lina long'ambika kumutu, la mphwawo, linaswekera pamadzi ofika m'chiuno.

Ndinawauza za tsunami ya pa 26 December 2004, imene inayambira kufupi ndi Sumatra. Nyanja ya mchere kumeneko ndi yakuya mamita pafupifupi 4,000, ndipo funde lotalika makilomita mazana limaona ngati ngakhale pamenepo n'posaya, ndiye lamulo lomwe lija la kuya limalipatsa liwiro la makilomita 700 pa ola, ngati ndege. Patatha maola pafupifupi 7 linapha anthu ku Somalia, ndipo linafikanso ku Kenya ndi ku Tanzania. Madzi a ku Sumatra sanafike ku Somalia. Bambowa anapukusa mutu n'kupitiriza kusoka.

Kenako anayamba kundiphunzitsa ndi iwo. Anati ali mnyamata ankamira kukakola khoka likakodwa m'miyala, ndipo ngakhale pamwamba patavuta bwanji, ukatsika mokwanira umapeza bata, nsomba zili phee. Chapamwamba madzi amakutenga mozungulira, kutsogolo, pansi, kumbuyo, m'mwamba, ngati akukupeta m'lichero. Ndinamva tsitsi kuimirira, chifukwa chithunzi chimenecho ndimachijambula pa bolodi chaka chilichonse: timagudumu tatikulu pamwamba, tocheperachepera potsika, mpaka kutheratu pa kuya kokwana theka la utali wa funde. Kwa mafunde athu a mamita 25 aja, ndiye mamita 12 kapena 13. Nyanjayi pena ndi yakuya mamita 700. Namondwe yense amene anandisanzitsa uja amangokanda khungu.

Ndisaname, pansi pamakhalanso mafunde, koma a mtundu wina. Mwera ukaomba masabata, umakankhira madzi ofunda a pamwamba kumpoto, ndipo kummwera madzi ozizira a pansi amakwera ndi chonde chawo, n'chifukwa china chimene kuchigawo cha Mangochi kuli nsomba zambiri. Mphepo ikaleka, malire a madzi ofunda ndi ozizirawo amapendekera uku ndi uko ngati madzi a m'beseni lonyamulidwa pamutu, koma pang'onopang'ono, ulendo umodzi kutenga masabata. Pamwamba suona kanthu.

Mwanayu anafuna nambala, mwana wa bambo ake. Tinalemba ndi kamtengo pamchenga wonyowa. Funde la mita imodzi limasunga majuwelo (muyeso wa mphamvu) pafupifupi 1,200 pa sikweya mita iliyonse ya nyanja. Pamadzi akuya mphamvuyo imayenda pa theka la liwiro la nsonga, ndiye kwa mafunde a masekondi 4 ndi mamita 3 pa sekondi. Kuchulukitsa, tinapeza mawati pafupifupi 3,600 pa mita iliyonse ya gombe, ngati maketulo awiri a magetsi osazimitsidwa usana ndi usiku. Gombe limene tinakhalapo ndi lotalika mwina mamita 200. Mphamvu yonseyo imathera kugubuduza timiyala, kupera mchenga, kupanga thovu ndi mkokomo, ndi kutenthetsa madzi pang'ono kwambiri moti sungamve. Ndipo ukailondola kumene yachokera, ufika ku dzuwa, limene limatenthetsa dziko mosiyanasiyana n'kuyambitsa mphepo. Kuwala kwakenso ndi funde, koma losafuna chopatsirana, limadutsa m'mlengalenga mopanda kanthu mphindi 8 n'kutipeza. Funde la m'nyanja linabwera n'kufufuta masamu athu onse.

Za theka la liwiro zija mwanayu sanakhulupirire. Bambo aja ndi amene anandipulumutsa. Anati mafunde sayenda limodzilimodzi, amayenda m'mabanja: akuluakulu angapo, kenako kampata ka ang'onoang'ono. Ukaliyang'anitsitsa limodzi kutali kuja, limabadwira kumbuyo kwa banjalo, limakula pofika pakati, n'kufera kutsogolo. Banja ndiye limafika, osati funde limene unaliloza. Banjalo ndi mphamvu ija. Ndipo msodzi wofuna kulowa amadikira kampatako.

Tinaona ndi maso chakumadzulo. Anyamata awiri anakokera bwato m'madzi ofika m'mawondo n'kuima, nkhafi m'manja, akuyang'ana kutali osati pamapazi. Anadutsa akuluakulu anayi, iwo ali chiimire akunyowa. Lachisanu litangosweka, wina anakuwa, anakankha, analumphira, nkhafi zinagwira ntchito ngati misala, ndipo funde lalikulu lotsatira linawapeza atadutsa kale poswekera. Linangowanyamula n'kuwatsitsa ngati chitsononkho chija.

Lachiwiri

Tinapangana ndi mwini boti lina kuti tiwoloke naye kupita ku Chizumulu m'mamawa. Ndinadzuka 5 koloko, kunja kuli zii, tsamba la mlambe osagwedezeka. Ndinadzutsa mwanayu mokondwa, tinanyamula zikwama.

Pagombe tinapeza boti lili pamtunda, mwini wake akumwa tiyi. Mphepo kunalibe, koma nyanja imapuma ngati chifuwa cha ng'ombe yogona: mafunde aatali, osalala, opanda thovu, akubwera mwaulemu kuchokera kummwera n'kudzaphulika pamiyala ndi mkokomo womveka m'mapazi. Mwanayu anawerenga masekondi 6.

Ndinafunsa kuti bwanji sitikunyamuka popeza mwera waleka.

"Waleka kuno, aphunzitsi. Awa ndi a dzulo, akuchokera kutali. Sanamve kuti mphepo yaweruka."

Akuti tiyese masana. Mkazi wake watibweretsera chinangwa chophika ndi usipa wowamba, ndipo mwanayu wakhala pamwala ndi foni, akuwerengabe. Akuti akangotsika kufika pa masekondi 4 andiuza.